Mutu Wachisanu: Wailesi Ajambula Anyezi

1. Mwana wa a Gwada

Pasukulu ponse panalibe amene ankamuitana ndi dzina lake lenileni. Aliyense ankangoti Wailesi, ngakhale aphunzitsi aakulu omwe. Dzinali analipeza ali kupulayimale, chifukwa ukangomufunsa funso limodzi zinkakhala ngati wayatsa wailesi. Ankayambira pamwamba pa tsamba mpaka pansi, osaphonya ngakhale mpumiro.

Musaganize kuti mtsikanayu anabadwa choncho, ayi. Anachita kuumbidwa. Kalasi yake yoyamba inali yodzaza ngati basi ya m'mawa, ana ena pamabenchi, ena pansi, ena pazenera, ndipo buku linali limodzi lokha, la aphunzitsi. Aphunzitsiwo akawerenga mzere, ana ankabwereza moimba. Akawerenga wina, ana n'kubwerezanso, mpaka mawuwo atakhazikika m'mutu.

Aphunzitsi amenewa ana ankawatcha a Gwada. Mwana akafunsidwa funso n'kuyankha kuti, "Sindikudziwa," iwo ankangoloza pakhomo n'kukuwa kuti, "Gwada!" Mwanayo ankakagwada pamiyala panja mpaka belu litalira. Koma woyankha zabodza molimba mtima ankangouzidwa kuti, "Wayesetsa, khala pansi."

Ana si opusa. Anazindikira msanga kuti m'kalasimo kunama kunalibe mlandu, mlandu unali kuvomera kuti sukudziwa. Wailesi anagwadako tsiku lina, mawondo n'kuchita mabala, ndipo kuyambira pamenepo anayamba kuloweza chilichonse cholembedwa, ngakhale mawu a papepala lokutira sopo.

Ndipo zinamuyendera, inu! Chaka ndi chaka ankakhala nambala wani. Alendo akabwera pasukulu, ankamuimika pabenchi kuti awatchulire mafupa a m'thupi la munthu, iwo n'kumaomba m'manja. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuuzapo kuti aloze pamene fupa lina mwa mafupawo lili pathupi lake.

2. Dokotala Wachiwiri

Pamene nkhaniyi inkachitika, Wailesi anali kumapeto kwa chaka chachiwiri cha sekondale, ndipo ankadziwa bwino chimene ankafuna pamoyo wake.

Amayi ake anali telala. Makina awo osokera ankakhala pakhonde, moyang'anana ndi msewu, ndipo kale ankasoka madiresi oti anthu ankachita kuwalondola kuchokera kutali. Koma maso awo anayamba kuchita chifunga. Poyamba ankangopempha Wailesi kuti awalowetsere ulusi pasingano. Kenaka anayamba kusokoneza nsalu yakuda ndi yabuluu, eni zovala n'kumabwera akung'ung'udza.

Kuchipatala anapitako. Anawauza kuti vuto lawo ndi lofunika dokotala wa maso, koma dokotala wa maso analipo mmodzi yekha, woyendera zipatala zambirimbiri. Tsiku limene ankabwera, mzere unkafika mpaka kugeti. Wailesi anawaperekeza amayi ake, anaima padzuwa tsiku lonse, dokotala n'kunyamuka iwo asanafike ndi pakhonde pomwe. Ulendo wotsatira zinachitikanso chimodzimodzi.

Pobwerera kunyumba Wailesi anapsa mtima mpaka misozi.

"Amayi, anthu onse aja dokotala mmodzi? Ine ndidzakhala wachiwiri. Osati dokotala wa chilichonse ayi, wa maso weniweni."

"Ndiye fulumira, mwana wanga, ndidzakuone utavala choyera," amayi anatero akuseka.

Bambo ake, omwe anali dalaivala wa basi, nkhaniyi sanagone nayo. Anaifalitsa padepoti ponse, kuyambira kwa makondakitala mpaka kwa otsuka mabasi. Dzina la Wailesi analisiya, nayamba kumutcha Dokotala.

Koma udokotala uli ndi khomo lake, ndipo pasukulupo khomolo linali lopapatiza. Pomaliza chaka chachiwiri ana ankagawidwa pawiri, ena kukalasi ya sayansi, ena kukalasi ya mbiri ndi zilankhulo. Wolowa kwachiwiriko udokotala ankautsanzika, chifukwa sukulu ya madokotala silandira munthu amene sanaphunzire sayansi mozama. Malo a sayansi anali ochepa, ndipo kuti munthu awapeze ankayenera kukhoza mayeso awiri, olemba ndi a manja. Olembawo Wailesi anawamwa ngati madzi. Anatsala a manja.

M'mawa wa tsiku la mayesowo bambo anaima pakhomo atavala kale yunifomu yawo, makiyi ali m'manja.

"Tamvera kuno, Dokotala. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma mayeso ndimawadziwa. Pepala lopanda kanthu ndi manyazi a banja lonse. Ukakaona kuti zavuta, usakaimike dzanja ngati mwana wosochera padepoti. Mphunzitsi akangoona kuti ukukayika, basi wakuika m'gulu la mbuli, ndipo m'gulumo sudzatulukamonso. Lemba! Jambula! Dzaza pepala! M'mutu mwakomo muli mabuku onse, ndiye ungasowe bwanji choika papepala? Ine ndikasokoneza msewu sindiuza anthu okwera ayi, ndimangoyendetsa molimba mtima mpaka nditatulukira."

"N'chifukwa chake tsiku lija munatizunguliza tauni yonse," amayi anatero ali pamakina awo.

"Koma tinafika kapena sitinafike?"

"Tinafika ukwati utatha." Amayi anatembenukira kwa mtsikanayo. "Iwe, zikakakuvuta ukanene. Pakamwa anakupatsira zomwezo."

"Musamufooketse mwana, mayi ake," bambo anatero akutuluka. "Dokotala safunsa, amafunsidwa."

3. Labu ya Mayi Asidi

Labu ya pasukulupo, chipinda chophunziriramo sayansi, inali ndi matebulo aatali othimbirira, masinki ochita dzimbiri ndi mabotolo oti ana sankaloledwa kuwakhudza. Mwini chipindacho anali mphunzitsi wamkazi wamfupi, wa magalasi okhuthala, amene ana ankamutcha Mayi Asidi chifukwa mawu ake ankawotcha.

Chuma chachikulu cha m'chipindamo chinali maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Anali akale, a kalilole kakang'ono kunsi kolowetsera kuwala, ndi kagudumu kam'mbali kopotokola kuti chinthu chioneke bwino. Popeza makinawo anali ochepa, ana ankagwira ntchito m'magulu, ndipo gulu lililonse linkasankha mlembi wake.

Mwaganiza kale kuti mlembi wa gulu la Wailesi anali ndani. Zilembo zake zinali zokongola, zojambula zake zinali ngati zosindikiza, ndiye anzake ankangomukankhira pepala. Iwo ankalimbirana makina, iye atakhala pakona ndi buku, kukopera chithunzi. Teremu yonse anaphunzira za kakhungu ka anyezi, ndipo teremu yonse Wailesi anajambula maselo a anyezi, tizipinda ting'onoting'ono tondandana ngati njerwa, osaikapo diso pamakina ngakhale tsiku limodzi.

Mnzake wapamtima anali mtsikana wina wotchedwa Mafunso, amene sankatha kukhala chete osafunsa kuti, "Bwanji?" Pamayeso ankakhala chapakatikati, nthawi zina chakumunsi ndithu.

"Iwe Wailesi, tabwera udzasuzumire," Mafunso ankamuitana. "Zamuno sizikufanana kwenikweni ndi za m'bukuzo."

"Ndiye kuti mwalakwitsa poika," Wailesi ankayankha osadzutsa mutu. "Buku silinama."

Tsono tsiku la mayeso Mayi Asidi anawandandika ana onse pakhonde la labu, navula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya bulauzi.

"Ndimvereni bwino, chifukwa sindibwereza. Aliyense alowa yekha. Asuzumira m'makina, ajambula chimene waona, atulukira khomo lakumbuyo n'kukakhala chete m'kalasi. Ndati chimene waona. Sindinati chimene ukudziwa, sindinati chimene unamva, ndati chimene waona. Wovutika aimike dzanja, ine ndili momwemo.

"Ambiri a inu mumandiuza kuti mukufuna udokotala. Wina akuti wa mtima, wina wa ana, wina wa mafupa. Zabwino. Koma mukuganiza kuti munthu amangodzuka m'mawa n'kukhala dokotala wa mtima? Ukachoka pano ukalowa sukulu ya madokotala, zaka zambiri. Ukatuluka uko ukagwira ntchito m'mawodi, kuona matenda amitundumitundu. Kenaka ndi pamene udzabwererenso kusukulu kukaphunzira chiwalo chimodzi chokha, zaka zinanso. Ndi makwerero aatali, ana inu, ndipo poyambira pake si kusukulu ya madokotala ayi. Poyambira pake ndi pamene munaphunzira kuyang'ana chinthu n'kunena zoona za chinthucho. Amene anadumpha pamenepo, lero tidziwana."

Ana anayang'anana. Wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Ndi anyezi basi, palibenso china." Onse anagwedeza mitu, ndipo Wailesi mtima unakhala pansi.

4. Mdima M'makina

Nthawi yake itakwana, Wailesi analowa. Patebulo panali makina, pepala loyera ndi pensulo. Mayi Asidi anakhala pampando pafupi ndi zenera, manja atapinda pachifuwa.

Wailesi anawerama, natsinzina diso limodzi monga ankaonera anzake akuchitira, n'kusuzumira.

Munali bii!

Anasintha diso. Munali bii chimodzimodzi. Anagwira kagudumu kam'mbali kaja n'kupotokola kutsogolo, kenaka kumbuyo. Chimene anaona ndi nsidze zake zokha zikuphethira mumdima. Za kalilole kakunsi kaja ankazidziwa bwino, tsamba lake akanatha kulitchula lonse ali mtulo, koma zala zake zinali zisanakagwirepo, ndipo sanaganize n'komwe zoti vuto lingakhale pamenepo.

Dzanja lake lamanja linanyamuka pang'ono kuchoka patebulo, linafika pafupi ndi phewa, kenaka linakanda khutu n'kubwerera pansi.

"Pali vuto?" Mayi Asidi anafunsa.

Apatu m'pamene panagona nkhani yonse. Mawu ofunika anali ochepa, oti ngakhale mwana wa kalasi yoyamba angawanene. Koma mwana wa a Gwada akanawatulutsira pati?

"Ayi, Madamu. Zonse zili bwino."

"Ukuona?"

"Ndikuona, Madamu."

M'chipindamo munkamvekabe kafungo ka anyezi ka masabata apitawo. Wailesi anakanunkhiza, mtima n'kulimba. Anatenga pensulo nayamba kujambula. Anandandika tizipinda take mwaluso, m'kati mwa kalikonse n'kuikamo kadontho kakuda, najambula mivi yoloza mbali iliyonse, n'kulemba mayina onse popanda cholakwika. Nthawi ndi nthawi ankawerama n'kusuzumira mumdima muja, kenaka n'kugwedeza mutu ngati munthu amene watsimikiza kanthu.

Kunena zoona, chinali chithunzi chokongola kuposa cha m'buku. Anachipereka ndi manja awiri. Mayi Asidi anachiyang'ana kwa kanthawi, anamuyang'ananso mtsikanayo pamwamba pa magalasi, n'kuchiika pamulu wa mapepala. Wailesi anatulukira khomo lakumbuyo akuyenda monyadira.

5. Chimene Chinali Pagalasi

Masana, onse atamaliza, Mayi Asidi analowa m'kalasi ndi mulu wa mapepala.

"Eya, tandiuzani. Munaona chiyani?"

"Phiko la ntchentche!" kalasi inayankha mokweza.

Wailesi anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira. Anatembenukira kwa Mafunso. Mafunso nayenso anali atakuwa nawo, nkhope ili mwee.

"Phiko la ntchentche," Mayi Asidi anabwereza. "Ndinaigwira ndekha m'mawa pazenera la ofesi. Ndipo mwana aliyense asanalowe ndinkapotoza kalilole kuti m'makina mukhale mdima. Ena munakonza nokha. Ena munaimika dzanja, ndinakuthandizani, ndipo sindinakuchotsereni kanthu. Mafunso anaimika dzanja mpaka ndinatopa naye, koma phiko lake ili, lopindika ngati khutu la galu, komabe ndi phiko. Tsono pali ena amene m'phiko la ntchentche apezamo anyezi."

Kalasi inaphulika ndi phwete. Mayi Asidi sanatchule dzina la munthu, koma anakweza pepala limodzi, ndipo zilembo zimenezo panalibe wosazidziwa.

Kenaka anatchula ana olowa kalasi ya sayansi. Mafunso anatchulidwa. Wailesi anadikira mpaka dzina lomaliza, anadikirabe ngakhale aphunzitsi atasonkhanitsa mapepala awo n'kutuluka.

Anawalondola mpaka ku labu, nalowa osagogoda.

"Madamu, si chilungamo! Mayeso olemba ndinaposa aliyense. Chiyambire sukulu sindinakhalepo nambala thu. Mwatenga anthu oti sadziwa n'kulemba komwe dzina la selo, ine n'kundisiya chifukwa cha ntchentche? Munatitchera msampha!"

"Watha?"

"Teremu yonse tinaphunzira anyezi!"

"Teremu yonse tinaphunzira kuona. Anyezi anali poyesera chabe. Khala pansi."

Wailesi anakhala.

"Ndinamva kuti ukufuna kukhala dokotala wa maso. Ndimvere tsono. Dokotala wa maso amakhala tsiku lonse akusuzumira m'makina onga awa, kungoti pansi pake sipakhala phiko la ntchentche, pamakhala diso la munthu wamoyo. Tiyerekeze kuti wasuzumira, waona mdima. Wachita manyazi kuuza anzako kuti sukuona. Wakumbukira tsamba la m'buku, watenga kampeni, wayamba kudula motsatira tsambalo. Tandiuza, munthu ameneyo adzuka akuona?"

Mayi Asidi anakonza magalasi awo n'kupitiriza.

"Diso la m'buku ndi limodzi, silisintha. Koma wodwala aliyense amabwera ndi lake, lina lotupa, lina lachilonda, lina lobisa matenda oti buku silinawajambule. Kusadziwa kupotoza kalilole si mlandu, ndikanakuonetsa pomwepo. Chimene chandiopsa ine n'choti ndinakufunsa kuti, 'Ukuona?' iwe n'kundiyang'ana m'maso n'kunena kuti ukuona. Munthu wotero akavala choyera amapha anthu, ndipo amawapha akumwetulira.

"Mlandu si wako wekha, zimenezo ndikudziwa. Ana onga iwe ndimawalandira chaka ndi chaka. Amachokera m'makalasi momwe ankaomberedwa m'manja chifukwa choimba mawu, n'kumalangidwa chifukwa chofunsa. Ankakuimika pabenchi, si choncho? Ndinadziwa. Koma chizolowezi chimene munthu anachitenga akadali kamwana, amalowa nacho mpaka m'chipinda cha opaleshoni ngati wina samulanda msanga. Ine pakhomo langa sudutsa nacho. Dzuka, bwera kuno."

Anamuimika pamakina paja. Sanamugwirire kanthu, anangomuuza ndi pakamwa.

"Ika chala kunsi. Kalilole ndi kameneko. Kapendeketse choloza kuzenera. Pang'onopang'ono, si chiwongolero cha bambo ako."

Mdima uja unang'ambika, m'makina munayera kuti mbee.

"Tsopano kagudumu. Pang'ono. Bwerera. Ima pomwepo."

Wailesi anaona. Munali mizere yabulauni yogawikana ngati misewu, pakati pake poonekera ngati galasi, ndipo ponseponse panali timinga ting'onoting'ono tosawerengeka, tina tondandana m'mphepete.

"Mayi wanga ine! Ntchentche ili ndi ubweya pamapiko? Ndi wa ntchito yanji?"

"Funso lako loyamba chilowere pasukulu pano," Mayi Asidi anatero. "Ndipo ndi labwino."

Wailesi anadzutsa mutu, maso ali ndi chiyembekezo.

"Ndiye munditenga, Madamu? Ndaonatu tsopano."

"Ayi. Malo atha, ndipo amene alowa alowa mwachilungamo. Sindingatulutse mwana wa mwini kuti ulowe iwe."

"Ndiye basi? Zonse zathera pa ntchentche?"

"Njira ilipo imodzi, koma ndi yowawa. Ubwereze chaka chino. Ukhale ndi ana amene panopa ali kumbuyo kwako, cholembera upatse ena, iwe ugwire makina ndi manja ako. Chaka chamawa udzayesenso. Koma sukulu silola mwana kubwereza popanda kholo kubwera kudzavomera pamaso pa aphunzitsi aakulu, ndipo tsiku lake ndi Lolemba m'mawa. Lolemba likadutsa, ukalowa kalasi ya mbiri. Kumeneko udzakhala nambala wani mpaka kumaliza, palibe amene adzakuvutitse. Usankhe wekha."

Panja Mafunso ankamudikira atanyamula zikwama ziwiri.

"Koma iwe, bwanji sunangoimika dzanja?"

"Ndisiye!" Wailesi anatsomphola chikwama chake n'kuuyamba wakunyumba yekha.

6. Pakhonde

Tsiku limenelo bambo anaweruka msanga dala. Wailesi atatulukira pakona anawaona ali pakhonde ndi kondakitala wawo ndi bambo wina woyandikana nawo nyumba, mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi ali patebulo. Amayi anali pamakina awo, nsalu ili pamiyendo.

"Dokotala wafika!" bambo anakuwa. "Konzani maso anu nonse, ayamba ndi inu a kondakitala, mwina mungasiye kudumphitsa anthu pamasiteji!"

Alendo anaseka. Wailesi anafika pamasitepe n'kuima, chikwama chili m'manja. Akanatha kunena kuti zotsatira sizinatuluke, n'kupeza masiku angapo opumira. Sanatero.

"Bambo, sananditenge."

Kuseka kunaduka.

"Wati bwanji?"

"Kalasi ya sayansi sananditenge. M'makina sindinaone kanthu, ndiye ndinajambula anyezi wa m'buku. Pagalasi panali phiko la ntchentche."

Bambo anaika botolo pansi.

"Anyeziyo unamujambula bwino?"

"Bwino kwambiri."

"Mayina onse unalemba?"

"Onse."

"Ndiye vuto lili pati? Mwana wadzaza pepala, iwo akufunanso chiyani? Kodi kusukuluko akuphunzitsa madokotala kapena ogwira ntchentche?"

"Aphunzitsi sanalakwe, bambo. Ndinanama ndine." Wailesi anakwera sitepe imodzi. "Akuti ndikhoza kudzayesanso chaka chamawa ndikabwereza kalasi. Ine ndikufuna kubwereza. Koma pakufunika kholo Lolemba m'mawa."

Kondakitala anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kopita. Woyandikana nawo nyumba uja anati wamva mwana akulira kwawo. Pakhonde panatsala anthu atatu.

"Kubwereza!" Bambo anaimirira. "Mwana wanga ine, nambala wani chiyambire, akakhale pabenchi limodzi ndi tiana takumbuyo? Amabwereza ndi ana ouma mitu, ana othawa sukulu, osati iwe! Padepoti ndikaonetsa nkhope iti? Anthu onse aja ndawauza kuti m'nyumba mwanga muli dokotala, mawa ndikawauze kuti dokotala uja wabwerera m'mbuyo chifukwa cha ntchentche? Adzandiseka mpaka ndidzapume pantchito! Iwe ukalowa kalasi ya mbiriyo. Ukakhala loya, nayenso amavala bwino, amayendera galimoto. Anzako azikadutsa kutsogolo iwe uli pomwepo, ukuganiza kuti udzapirira? Udzalira tsiku lililonse, ndikukuuza ine bambo ako. Ndiponso amayi akowa ukufuna uwadikiritse mpaka liti? Zaka za udokotala ndi zambiri kale, iwe ukuwonjezeranso china? Ayi. Phazi langa kusukuluko silikaponda, ndipo nkhaniyi yathera pano."

"Bambo, loya sachiza maso."

"Ndati yatha!"

Wailesi misozi inatsika, ya ukali osati ya chisoni. Anafinya lamba wa chikwama mpaka zala kuwawa.

Apo m'pamene amayi anachotsa phazi pamakina, napinda nsalu ija bwinobwino n'kuiika pambali.

"Bambo ake, musandiike ine pakati. Zoti adzandichiza mwanayu ndinazichotsa kale mumtima, zaka zake ndinaziwerengera ndipo maso angawa sangamudikire. Koma pamzere paja sindinali ndekha. Panali ana, panali atsikana amsinkhu wake womwewu, ndipo mzere umenewo udzakhalapobe iye akadzamaliza. Sukulu yati ikufuna kholo. Sinati ikufuna bambo."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Lolemba ndipita ndine."

"Inu? Mayi ake, mukufuna kundichititsa manyazi m'nyumba mwanga momwe?"

Amayi anatembenuza nkhope kuti alankhule ndi mwana wawo, natambasula dzanja.

"Koma udzandigwire dzanja powoloka msewu waukulu uja, mwana wanga. Magalimoto ndimangowamva tsopano."

Bambo anabwerera pampando wawo. Wailesi anayang'ana dzanja lotambasulidwalo, nayang'ana kumene maso a amayi ake analunjika. Sankayang'ana iye. Ankalankhula ndi chipilala cha khonde, chimene chinaima pambali pake.